Anafika Ndani Poyamba? Kulondola Makolo Amene Anatsekula Midzi ya ku Phalombe

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mabwinja a linga la Fort Lister. Boma la Angerezi linamanga lingali m'chaka cha 1893, pa nthawi ya Harry Johnston, pofuna kutseka njira imene amalonda a akapolo ankadutsamo popita kunyanja yamchere, cha ku Quelimane. Linagwira ntchito zaka pafupifupi khumi, kenaka linasiyidwa. Chimene chatsala lero ndi zipupa zogumuka ndi manda a Gilbert Stevenson, mzungu wa boma amene anamwalira komweko mu 1896. Dzina lake likudziwika, chaka chake chikudziwika, ndipo wofuna kulondola mtundu wake sangavutike, pakuti anali mbale wa Robert Louis Stevenson, mlembi wotchuka wa ku Scotland. Komatu mlendo ameneyu anakhala kuno zaka zowerengeka chabe.

Kutsika kuchokera pamabwinjapo, chigwa chonse mpaka kukafika kunyanja ya Chilwa chadzaza ndi midzi. Mudzi uliwonse unayamba ndi munthu. Wina anafika ndi khasu, mphika ndi ana kumbuyo, napempha malo, nagwetsa mtengo woyamba, nakoleza moto. Zidzukulu zake lero ndi mazana, zina zili ku Migowi ndi ku Chiringa, zina ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Manda ake alipo kumsitu, koma alibe mwala wolembedwa, ndipo m'mabanja ambiri amene akutha kuloza pamene anagona atsala mmodzi kapena awiri. Mwana akafunsa pamwambo ngati uno kuti agogo a agogo ake anali yani, anachokera kuti ndipo anafika liti, yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lalifupi: anachokera ku Mozambique, kalekale. Yankholi si labodza, koma ndi lochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zingapezeke munthu atafufuza mofatsa.

Choyamba chimene wofufuza ayenera kuvomereza ndi chakuti chigwachi sichinali chopanda eni. Pamene David Livingstone ndi John Kirk anafika kunyanja ya Chilwa mu Epulo 1859, anapeza midzi ya Amang'anja ndi Anyanja, anthu olima, osula zitsulo ndi ophika mchere. Zaka zotsatira zinali zowawa. Ayao anatsika kuchokera kumpoto chakum'mawa, malonda a akapolo anakula, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapulula anthu. Amene anapulumuka ambiri anathawira m'mapiri. Pofika nthawi imene linga la Fort Lister linkamangidwa, mafumu a Chiyao monga Matipwiri ndi Mkanda ndiwo anali ndi mphamvu kuzungulira phiri la Mulanje, ndipo dziko lalikulu lachonde linali litabwerera kutchire. Limeneli ndi dziko limene obwera anapeza: malo ambiri, anthu ochepa, ndi mafumu ofuna anthu oti awonjezere midzi yawo.

Malire nawo anali atangolembedwa kumene. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la pa 11 Juni 1891 linadutsitsa mzere m'mbali ya kum'mawa kwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, n'kutsika kukakumana ndi mtsinje wothira mu Ruo. Anthu a m'deralo sanafunsidwe. Ena mwa Alhomwe anali kale kufupi ndi nyanja ya Chilwa mzerewo usanalembedwe, ndipo ankapita uku ndi uku kukagula mchere, kukasodza ndi kukakwatira. Choncho sikuti banja lililonse linadutsa malire. Mabanja ena malire ndiwo anawadutsa. Kusiyanitsa mabanja awiriwa ndi ntchito yoyamba ya wofufuza, chifukwa amene anali kale pafupi sadzapeza nkhani ya ulendo wautali, ngakhale ataifuna chotani.

Koma ambiri anayendadi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Apwitikizi anayamba kukhazikitsa ulamuliro wawo m'dziko la Alhomwe, kuzungulira phiri la Namuli ndi kumadzulo kwake. Dziko linagawidwa kwa makampani, ndipo makampaniwo anali ndi asilikali awo otolera msonkho ndi kugwira anthu a ntchito yokakamiza. Mawu awiri amene atsala m'chinenero mpaka lero, chibalo ndi mbalamatodya, akuchitira umboni za nthawi imeneyo: loyamba ndi ntchito ya ukaidi, lachiwiri ndi kathabwa koboolaboola komenyera m'manja. Pamwamba pa zimenezo panabwera njala, ndipo mu 1918 nkhondo ya Ajeremani inalowa m'dzikomo, pamene gulu la von Lettow-Vorbeck linadutsa likulanda chakudya, mpaka kumenyana ndi asilikali a Angerezi ku Lioma kumapeto kwa Ogasiti. Anthu ankanyamuka usiku, mbumba yathunthu, nthawi zina mudzi wonse ndi mwene wake. Kalembera wa 1921 anapeza Alhomwe pafupifupi 120,000 m'dziko la Nyasaland, ndipo pofika 1945 anali pafupifupi 380,000. Ulendowu sunali umodzi ayi. Unali mtsinje woyenda zaka zoposa makumi anayi, pena kusefukira, pena kuphwera.

Tsidya lino nako sikunali kopumulira. Ambiri anayamba akhala m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, kumene analandira malo omangapo nyumba posinthana ndi thangata. Ena, atatopa ndi akapitawo, anasamuka kudzapempha malo kwa mafumu a m'chigwa cha Phalombe. Ena anabwera molunjika kuchokera kumalire osapondako kumunda wa mzungu. Mbumba imene lero ili m'dera la Mkhumba, Nazombe, Kaduya, Chiwalo, Jenala kapena Nkhulambe ingathe kukhala kuti inagona malo atatu kapena anayi isanakhazikike, ndipo malo aliwonse inasiyako manda. Manda amenewo ndiwo mapazi enieni a ulendowo. Wokalamba amene sangathe kutchula chaka amatha kunena mosaphonya kuti amayi a amayi ake anaikidwa kwakuti, ndipo mchemwali wawo anatsala kwakuti.

Apa ndi pamene ambiri ofufuza amasokera, makamaka amene anaphunzira kusukulu kuti mtundu umalondoledwa ndi dzina la bambo. Pakati pa Alhomwe, monganso pakati pa Amang'anja ndi Ayao, mwana ndi wa kwa mayi ake. Mwamuna ankapita kuchikamwini, malo ankakhala m'manja mwa mbumba, ndipo woyang'anira ana anali malume. Mfunda umene Alhomwe amautcha nihimo unkachokera kwa mayi. Dzina lachiwiri limene anthu amalemba lero paziphaso ndi lachilendo m'mbiri imeneyi: kawirikawiri ndi dzina loyamba la bambo kapena la agogo aamuna, limene mphunzitsi, mlembi wa msonkho kapena wa kumpingo analisandutsa dzina la banja. Munthu akalilondola lokhalo amafika pa mkamwini wina amene anabwera yekha kuchokera kwina, ndipo njira imathera pomwepo. Njira yopita kutali ndi ya mabele: mayi, mayi wa mayi, ndi mayi wa ameneyo. Kholo loyamba la mudzi, likapezeka, nthawi zambiri limakhala mayi wokalamba amene anafika ndi ana ake aakazi pamodzi ndi mlongo wake, ngakhale kuti dzina limene linalowa m'buku la boma n'kukhala dzina la mudzi ndi la mlongoyo.

Mayina nawo ndi oterera. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina laubwana, dzina la kuchinamwali, dzina lotchulira mwana wake woyamba, dzina la kuntchito limene kapitawo anamupatsa polephera kutchula lenileni, ndi dzina la ubatizo. Ena anafika kale ndi mayina a Chipwitikizi amene pakamwa pa anthu anasanduka Juwawo kapena Antonyo. Enanso anasintha dala. Pa nthawi imene mawu akuti Anguru ankanenedwa monyoza, panali makolo amene anatenga mayina a Chinyanja kapena a Chiyao, naleka kuyankhula Chilhomwe pabwalo, kuti ana awo asasekedwe. Sikoyenera kuwaweruza makolo amenewo. Iwo ankateteza ana awo ndi chida chimene anali nacho. Koma wofufuza adziwe kuti mayina atatu osiyana amene akumva kwa okalamba atatu angathe kukhala a munthu mmodzi yemweyo, ndipo asafulumire kujambula nthambi zitatu pamene pali tsinde limodzi.

Funso limene limatsekula zambiri ndi lakuti: kodi ndinu Alhomwe ati? Dzina lakuti Alhomwe ndi denga lofunda magulu ambiri, monga Amihavani, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje, Akokhola, Alikhuku, Amaratha, Amihekani ndi Anguru enieniwo. Ambiri mwa mayina amenewa amaloza malo: phiri, mtsinje, nkhalango kapena dothi la kumene gululo linkakhala. Gogo amene akunena kuti iye ndi Mmarenje kapena Mtakhwani wapereka kale chigawo cha mapu. Akawonjezera dzina la mwene amene anatsogolera ulendo, ndi dzina la mtsinje umene ankatungako madzi, dera lofufuzamo limachepa kwambiri. Nkhani ya phiri la Namuli, kumene Alhomwe amati ndiko kunatuluka makolo oyamba, ndi chuma cha mtundu wonse ndipo iyenera kulemekezedwa. Koma imeneyo ndi chiyambi cha onse, si keyala ya banja limodzi. Wolemba kuti agogo ake anachokera ku Namuli, osafunsa zambiri, wadumpha ntchito yeniyeni.

Nanga zaka? Okalamba sankawerenga zaka ndi manambala, koma ankakumbukira zinthu zazikulu, ndipo zinthuzo zili ndi zaka zodziwika. Nkhondo ya John Chilembwe inachitika mu Januwale 1915. Mtengatenga, pamene amuna ankagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ndi wa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Chimfine chachikulu chinapha anthu kumapeto kwa 1918 ndi mu 1919. Njala yaikulu ya kummwera kuno inali mu 1949. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Ngati gogo akunena kuti amayi ake anafika ali kumsana, ndipo anatha msinkhu chaka cha chimfine, ndiye kuti mbumbayo inafika zaka za m'ma 1905, kuphonya ndi zaka ziwiri kapena zitatu basi. Msonkho nawo ndi kalendala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 unali mashilingi 6, koma wogwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankapereka 3. Mu 1912 unakwera kufika pa 8 ndi 4. Nkhani ya m'banja yotchula ndalama imene kholo linkapereka ingathe kuloza nyengo. Pofunika kusamala ndi pa othawa nkhondo a m'zaka za m'ma 1980, amene anadzaza madera a m'malire pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique. Ena a iwo anakhazikika kwa abale awo, ndipo m'kukumbukira kwa achinyamata ulendo wawo wayamba kusakanikirana ndi wa makolo a zaka 80 m'mbuyo mwake.

Zolembedwa zilipo, ngakhale zili ndi mipata. Ku nyumba yosungira zakale ya boma ku Zomba kuli mabuku a maboma akale, m'mene ma DC ankalemba mayina a mafumu ndi anyakwawa, chiwerengero cha nyumba, ndi nthawi zina mbiri yachidule ya mmene mudzi unayambira. Wopita kumeneko akumbukire zinthu zitatu. Phalombe inakhala boma palokha mu 1998, choncho zonse zakale zili pansi pa Mulanje, dzina limene azungu ankalilemba kuti Mlanje. Alhomwe m'mapepala akale amalembedwa kuti Anguru kapena Nguru, penanso Alolo. Ndipo moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919 unawononga mapepala ambiri a zaka zoyambirira, zaka zomwezo zimene mabanja ambiri ankafika. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mipingo, ya Katolika ndi ya CCAP makamaka, nthawi zambiri amathandiza koposa a boma, chifukwa amatchula makolo a wobatizidwa ndi mudzi wake, ndiponso amalemba akazi, amene mlembi wa msonkho sankawasamala kwenikweni. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu mzinda wa Blantyre ili ndi mapu ndi mabuku akale. Koma pepala lisapatsidwe ulemu woposa muyeso wake. Analemba ndi mlendo wosamva chinenero, kudzera mwa womasulira, ndipo amene ankayankha anali ndi zifukwa zake zobisira zina, pakuti kuwerengedwa kunkatanthauza msonkho. Pamene buku la DC likutsutsana ndi okalamba atatu amene sanapangane, si nthawi zonse pamene buku ndilo lolondola.

Kuti ntchito yotereyi ndi yotheka, umboni ulipo. Landeg White, m'buku lake la 1987 lonena za mudzi wa Magomero ku Chiradzulu, analumikiza mapepala a ku Zomba ndi zokamba za amayi a m'mudzimo, nalondola mbumba za Alhomwe kuyambira pamene zinafika pamunda wa A. L. Bruce. Robert Boeder analemba mbiri ya Alhomwe a m'Malawi mu 1984. Ndipo pali mmodzi mwa oyenda ulendowo amene anadzilembera yekha mbiri yake: Lewis Mataka Bandawe, wobadwira ku Mozambique mu 1887, amene anadza ku Blantyre Mission ali mnyamata kudzera mwa John Gray Kufa, yemwe pambuyo pake anaphedwa ndi boma chifukwa cha nkhondo ya Chilembwe. Bandawe anabwerera kwawo kukagwira ntchito ya mishoni ku Mihecani kuyambira 1913 mpaka 1928, anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, ndipo mu 1943 anatsogolera kukhazikitsa bungwe la Alhomwe limene linachititsa boma kuleka kugwiritsa ntchito dzina lakuti Anguru potchula mtundu wonse. Buku la moyo wake linasindikizidwa mu 1971. Iye anali ndi cholembera. Anzake zikwizikwi amene anayenda njira yomweyo analibe, ndipo mbiri yawo ili pakamwa pa zidzukulu.

Kufunsa okalamba kuli ndi mwambo wake. Munthu safika ndi kope m'manja ngati wa kalembera. Amayamba wadziwitsa mwinimbumba, ndipo ngati nkhani ikukhudza chiyambi cha mudzi kapena manda, amapita kwa nyakwawa, pakuti kumanda sikulowedwa popanda chilolezo. Amayi okalamba amamasuka bwino pamene manja ali pa ntchito, posenda chinangwa cha makaka kapena potongola chimanga, kusiyana ndi pamene aikidwa pampando kuti ayankhe mafunso. Ndi bwino kufunsa aliyense payekha, chifukwa pagulu wamng'ono satsutsa wamkulu, ndipo mawu a mmodzi amasanduka mawu a onse. Nyimbo za pamtondo, za tchopa ndi za kuchinamwali zimasunga mayina a malo amene oimba eniake sanawaonepo. Foni ya m'manja imatha kujambula mawu, ndipo ndi chinthu chanzeru kusunga mawuwo monga anayankhulidwira, Chilhomwe chake chonse, ngakhale wojambulayo asakumva. Womasulira adzapezeka mawa, koma wonenayo sadzapezekanso.

Wofufuza akonzekerenso kumva zimene sanayembekezere. M'mabanja ena mudzatuluka kholo limene linafika ngati kapolo kapena chikole, lomwe ana ake analowetsedwa mumbumba mwakachetechete. M'mabanja ena mudzatuluka kapitawo wa thangata, kapena msilikali wa Apwitikizi amene anathawa pamodzi ndi anthu omwe ankawazunza. Ambiri amene amadzitcha Alhomwe enieni adzapeza agogo aamuna a Chimang'anja kapena a Chiyao, pakuti obwera ndi eni dziko anakwatirana kuyambira pachiyambi. Zoterezi zimafuna mtima wodekha, ndipo zina ndi zoyenera kukambidwa m'banja zisanalembedwe poti aliyense awerenge. Palinso ngozi ina yoonekeratu. Phalombe lero ndi dera lothinana, malo ndi ochepa, ndipo funso lakuti anafika poyamba ndani limakhudza minda ndi maufumu. Mbiri ya banja imene yalembedwa ndi cholinga chokapambanira mlandu imapindika isanathe n'komwe, ndipo okalamba akazindikira cholingacho amatseka pakamwa kapena amanena zokomera mbali yawo. Wolemba asonyeze poyera kuti mawu akutiakuti ananena ndi yani, liti ndiponso kuti, ndipo pamene mboni zasiyana alembe zonse ziwiri.

Amene afika potchula dera la tsidya lija angathe kupitako. Kuchokera ku Muloza munthu amalowa ku Milange, ndipo msewu umapitirira mpaka ku Gurue, m'munsi mwa Namuli. Kumeneko dzina la paziphaso silithandiza. Chimene eni dziko amafunsa ndi nihimo ndi dzina la mwene. Mlendo wodziwa ziwirizi salandiridwa ngati mlendo wamba.

Nthawi yokha ndiyo ikuchepa. Amene anayenda ulendo woyamba anatha kale, ndipo ana awo, amene anamva nkhaniyo kuchokera pakamwa pa oyendawo, ndi amene lero ali ndi zaka 80 ndi 90. Nthaka nayo siisunga zonse. Napolo wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi, anapha anthu mazanamazana nakwirira midzi ndi miyala. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anachitanso chimodzimodzi, makamaka kudera la Nkhulambe, kumene madzi ndi matope anakokolola nyumba, minda ndi katundu yense wa m'nyumba, makadi a ubatizo ndi zithunzi zakale pamodzi. Mabanja amene anasamutsidwa pambuyo pake ayamba midzi yatsopano, kutali ndi mitengo imene inkasonyeza pamene panagona makolo awo.

Pamwambo uno, pamene mfuu yakuti "Alhomwe, Alhomwe!" ikuyankhidwa ndi "Noophiya!", kutanthauza kuti tafika, pakati pa khamuli pakhala amayi okalamba amene akudziwa dzina la munthu amene anafikadi, mtsinje umene anawoloka ndi mfumu imene inamupatsa malo. Ambiri a iwo abwera ndi zidzukulu zimene zili ndi foni m'thumba, ndipo madzulo ano akwera galimoto imodzi pobwerera kumudzi.